Nyimbo ya Salimo 13 ikuthamanga, tiigwire bwanji?

Mphunzitsi wa kwaya, Ntcheu: Akuluakulu, ndithandizeni. Kwaya ili ndi nyimbo yochokera pa Salimo 13, ya Lachisanu Loyera. Imayamba pa liwiro la mabiti 66 pa mphindi, koma pofika kolasi yachiwiri imakhala itadutsa 90 ndipo anthu ayamba kuwomba m'manja pa "kufikira liti". Komanso akulu a mpingo ena akuti mawuwo akumveka ngati kudandaulira Mulungu. Kiyi ndi D minor, doh ndi F.

Woyimba kiyibodi, Lilongwe: Aphunzitsi, funso loyamba: wa pa kiyibodi akugwiritsa ntchito style, ng'oma ndi zida zimene kiyibodi imaliza yokha? Ngati ndi Yamaha PSR, azimitse ACMP (batani la zida zoperekeza nyimbo), asakhudze START (batani loyambitsa ng'oma). Ng'oma ikangolowa, manja a mpingo amatsatira okha. Asankhe piano, dzanja lamanzere ligwire noti imodzi pa bala (kagawo ka mabiti m'nyimbo) iliyonse: D, B flat, F, C. Akadzaza mipata yonse ndi timanoti, oyimba amaona ngati atsalira, ndiye amathamanga.

Mphunzitsi wa kwaya, Ntcheu: Style inalipodi, ya 6/8.

Woyimba kiyibodi, Lilongwe: Ndi pomwepo. 6/8 kwathu kuno ndi ya m'chiuno. Ibwezeni ku 4/4.

Mayi wotsogolera nyimbo, Zomba: Liwiro likhoza kukonzeka, koma onaninso kamangidwe kake. Salimoli lili ndi mavesi 6. Mu vesi 1 ndi 2 funso la "kufikira liti" likubwera kanayi, 3 ndi 4 ndi pempho, ndipo kukhulupirira kukubwera mu 5 ndi 6 mokha. Ngati mwatenga vesi 5 kukhala kolasi yobwerezedwa pakatha ndime iliyonse, mwayankha funso lisanafunsidwe mokwanira, ndipo mpingo ukumva chikondwerero kuyambira pachiyambi. Kolasi ikhale funso lenilenilo. Ndime ziwiri zoyamba zithere pa lah. Doh muisunge mpaka ndime yomaliza, mulowe mu F kamodzi kokha, osabwereza. Pakati pa pempho ndi ndime yomalizayo siyani mabala awiri opanda mawu, kiyibodi itagwira C. Wotsogolera asalankhulepo, ngakhale "aleluya".

Wopeka nyimbo, Blantyre: Amayi anena zoona. Ndiwonjezere za matchulidwe. Mawu athu amatalika pa silabo yachiwiri kuchokera kumapeto: LI-ti, Ye-HO-va. Noti yayitali ikagwera pa "ti", anthu amaidula msanga chifukwa lilime silikuvomera, ndipo bala iliyonse imafupika pang'ono. Nyimbo zambiri zimathamangira pamenepo. Ikani mabiti awiri pa "li", imodzi pa "ti", yachinayi ikhale yopumira.

Chinanso, musakweze kupitirira lah wa pamwamba, amene ndi D. Mukafika E kapena F, sopulano amakuwa ndipo funso limasanduka mfuu.

Mphunzitsi wa kwaya, Ntcheu: Tayesa dzulo popanda style. Liwiro lakhazikika, koma ndime imene tikuyimba opanda chida ikutsika pafupifupi theka la toni.

Wopeka nyimbo, Blantyre: Zimachitika nyimbo ikamayenda pang'onopang'ono. Yang'anani potsika kuchokera fah kupita mi, ndi doh kupita ti. Ma alto amatsika mopitirira. Ayeseze mizere imeneyo paokha kasanu, kiyibodi ikuliza lah mosalekeza. Lembaninso popumira pa pepala, mabala awiri aliwonse, chifukwa mpweya ukatha mawu amagwa. Ma besi asakankhe D wa pansi, aimbe mopepuka. Ngati zikanikabe, kwezani liwiro kufika 72.

Mkulu wa mpingo woyang'anira kwaya, Dedza: Za akulu anzanga, musalimbane nawo pa bwalo. Apatseni pepala la mawu sabata ziwiri tsikulo lisanafike, mzere uliwonse uli ndi vesi yake pambali. Akaona kuti palibe mzere umene mwaupeka nokha, nkhani imachepa. Pa tsikulo, nyimbo ibwere akangowerenga Mateyu 27:46, pamene Yesu mwini akufuula mawu a Salimo 22. Marko 9:24 ithanso kuthandiza, pamene bambo wa mwana wodwala uja akunena kuti akukhulupirira koma athandizidwe pa kusakhulupirira kwake. Koma musaiike nthawi ya chopereka, pamenepo anthu aimirira kale ndipo miyendo ikuyabwa.

Mayi wotsogolera nyimbo, Zomba: Ndipo ndime yoyamba ayimbe munthu mmodzi, mpingo utakhala pansi. Kwaya yonse ilowe pa funso lachitatu.