Preamp ndi compressor, ndiyambe ndi chiti?

Abale ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kasitudiyo kanga, kwambiri ndimajambula mawu a oimba, maiki yanga ndi Shure SM7B ndipo mukudziwa imafuna gain (mphamvu yokwezera mawu) yambiri, cha m'ma 60 dB, ndiye ka interface kanga (kabokosi kolumikiza maiki ku kompyuta) ndikakakweza mpaka kumapeto kamayamba kuchita sssss pansi pa mawu, zikundiwawa zedi. Ndigule preamp (chipangizo chokweza mawu ochokera mu maiki) yapayokha kaye kapena channel strip ngati dbx 286s yomwe ili ndi zonse pamodzi?

Za compressor (chipangizo chofinya mawu kuti okwera kwambiri asasiyane kwambiri ndi otsika) nazonso zandizunguza mutu. Ya mtundu wa 1176 imagwira msangamsanga, ya opto (yogwiritsa ntchito kuwala mkati mwake) ngati LA-2A imagwira mofatsa, koma mantha anga ndi oti ndikafinya mawu pojambula pomwepo sindingawabwezenso. Inu amene mwazigwirapo, mumafinya polowa kapena mumadikira plugin (kapulogalamu ka pa kompyuta) pa mix, posakaniza nyimbo?