Tsiku langa ndi 12 January koma December ndi uyu, ndisiye liti kuluka?

Nambewe (Kawale): Mwaswera bwanji amayi anzanga m'gulu muno, pepani uthenga ukhala wautali. Ndine woyembekezera, kusikelo akuti ndili pa masabata 32 ndipo sikani inaonetsa kuti tsiku langa ndi 12 January. Ndimagwira pa saluni ya munthu mtauni, kasalale ka pamwezi kuphatikiza komishoni pa mutu uliwonse umene ndaluka. Ndiye vuto ndi ili, December ndi uyu akubwerayu ndipo inu mukudziwa kuti ndalama yooneka timaigwira mwezi umenewu, maukwati, ma bridal shower, a Khirisimasi, ena andiuziratu kale kuti ndiwasungire malo. Koma ndikaima maola asanu pa mutu wa ma knotless madzulo miyendo imatupa mpaka masilipasi kukana kulowa, msana ngati wina wandimenya ndi musi. Amuna anga akuti ndisiye lero lomwe, madamu eni saluni akuti ulimbe mpaka pa 31 ndiye ukapume. Inu amene munadutsamo munasiya liti?

Mayi a Mphatso (Area 23): Kkkkk pa 31 December? Madamu anuwo akufuna muchilire pansi pa dulaya kapena

Nabanda (Biwi): Mwana wanga mimba si matenda. Ine ana anga onse ndinaluka mpaka mwezi womaliza, wachitatu uja matenda anandiyamba nditagwira mutu wa munthu, ndinamaliza kamzere kanga bwinobwino nkuitana galimoto. Ukangokhala kunyumba umangogona, thupi limalemera, patsikulo umasowa mphamvu. Amayi athu kumudzi ankapita kumunda ndi mimba ya miyezi 9.

Naphiri (Area 25): Anti Nabanda ndimakulemekezani koma apa ndikutsutsani pang'ono, matupi ndi osiyana. Ine ndinkaganiza chimodzimodzi, mapazi kutupa ndinkati ndi kuima basi, kenako zala zinayamba kufufuma mpaka mphete kukanirira, ndikamagawa tsitsi ndi kamchira ka chipeso ndinkaona timadontho towala m'maso. Nditapita kusikelo namwino atangoyeza BP sanandilole ndibwerere kunyumba, ndinagonekedwa tsiku lomwelo ndi yunifomu ya kuntchito m'chikwama, mwana anabadwa pa opaleshoni masiku asanakwane. Sindikuopsezani asisi Nambewe ayi, mapazi okha kutupa madzulo nkuphwa m'mawa zimachitikira amayi ambiri makamaka ife oima tsiku lonse. Koma kukafika kumaso ndi m'manja, kapena mutu waching'alang'ala wosamva panado, kapena maso kuchita chidima, kapena kutaya magazi ngakhale pang'ono, kapena madzi kuyamba kutuluka, kapena mwana kusiya kusewera m'mimba, pamenepo osadikira kumaliza mutu wa munthu, thamangani kuchipatala. BP yanu ulendo watha inali bwanji?

Nambewe (Kawale): Anati ili bwino asisi, magazi okha ndi amene anati ndi ochepa pang'ono ndiye ndikumwa timapilisi towonjezera magazi tija, Fansidar nayenso ndikulandira. Kumaso sindinatupe. Ndipitanso sabata ya mawa.

Naphiri (Area 25): Ndiye mukapita muwauze ntchito imene mumagwira, osangoti ndimagwira ku saluni, muwauze kuti ndimaima kuyambira 8 mpaka mdima ndipo nthawi zina nsima ndimadya 4 koloko. Akalemba m'buku la kuchipatala kuti muchepetse kuima, buku limenelo ndi limene mukawaonetse madamu, mawu a pakamwa amangowatenga ngati ulesi.

Nangozo (Area 49): Ine ndilowerere mbali ya malamulo chifukwa ndisanayambe zoluka ndinkagwira pa ofesi ndipo tchuthi chimenechi ndinachitengapo. Employment Act ya 2000 imanena kuti mayi wolembedwa ntchito ali ndi ufulu wa masabata osachepera 8 a matenite akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, ndipo akamaliza abwerere pa ntchito yake yomweyo. Kumuchotsa ntchito munthu chifukwa cha mimba ndi mlandu. A m'boma aja amapatsidwa masiku 90 nchifukwa chake mumaona aphunzitsi akukhala miyezi itatu, koma ife a kwa anthu ndi masabata 8 amenewo pokhapokha abwana akomere mtima.

Tsono chimene anthu ambiri saganiza ndi ichi, masabata 8 amenewo mukayamba kuwadya mwana asanabadwe ndiye kuti mukuchotsera mwanayo. Tiwerenge limodzi. Mukasiya pa 15 December pamene mukwanitse masabata 36, tchuthi chithera pa 9 February. Mwana akabadwa pa 12 January ndiye kuti mukubwerera kuntchito ali ndi masabata anayi okha, katemera wa masabata 6 asanalandire nkomwe, inunso musanakaonedwe kuchipatala ulendo wa masabata 6 uja. Nanga akachedwa ndi sabata, paja tsiku la sikani silonjeza kuti ndi lomwelo, nanga mukachitidwa opaleshoni? Mudzaima bwanji tsiku lonse ndi bala la mwezi umodzi.

Nambewe (Kawale): Eish zimenezi sindinawerengepo. Ndiye kuti madamu akulondola ndilimbe mpaka pa 31?

Nangozo (Area 49): Ayi dikirani ndimalize kkk. Lamulo lomwelo lili ndi holide ya pachaka, wogwira masiku 6 pa sabata monga ife ndi masiku 18 ogwira ntchito, wa masiku asanu ndi 15. Masiku 18 kwa ife ndi masabata atatu athunthu. Chaka chino mwatengako holide?

Nambewe (Kawale): Holide yake iti asisi, chiyambireni ndangopumapo masiku a maliro a agogo basi

Nangozo (Area 49): Ndiye njira ndi imeneyo. Pemphani holide yanu ya pachaka iyambe cha pa 22 December, tsiku limenelo mukhala mwakwanitsa masabata 37 ndipo kuyambira pamenepo mwana akhoza kubwera nthawi ina iliyonse, masabata atatuwo akufikitsani pa 12 January, matenite adzayambe mukachira. Mulembe kakalata, madamu asayine, inu musunge fotokope kapena mungojambula pa foni. Ndipo amuna anu ngati ali pa ntchito yolembedwa nawonso afunse kwawo, lamuloli analisintha mu 2021 nkuikamo masabata awiri a abambo mwana akabadwa. Akuti musiye lero lomwe, chabwino, nawonso adzatengeko mbali yochapa matewera.

Mayi a Mphatso (Area 23): Kkkkkk masabata awiri amenewo anga akanawathera ku bawo

Anti Nankhoma (Area 18): Ndilankhuleko ine ngati mwini saluni chifukwa ndikuona madamu akunyozedwa muno ngati alibe mtima. Za malamulozo sindikukana, Nangozo wanena zoona. Koma ana anga muzidziwanso kuti saluni zathu zambiri si makampani, lendi ya shopu imadikira pa 1, magetsi akathima tsiku limenelo dulaya sagwira ndiye kuti palibe ndalama, mafuta a jenereta ndiwo awa osanena. Mtsikana woluka bwino akachoka mu December makasitomala ake sabwera kwa ine, amapita kwina ndipo ena sabwereranso. Madamuwo mantha awo ndi amenewo, si kuti akufuna Nambewe avutike. Ndiye ukapita ndi lamulo lokha mkamwa mudzangokangana, pita ndi pulani. Ine mtsikana wanga wina atakhala ndi pakati tinachita chonchi, miyezi iwiri yomaliza ndinamuchotsa pa mitu yaitali yonse, ma knotless ang'onoang'ono, ma twist ofika m'chiuno, zonsezo ayi. Iye ankangogawa mizere ndi kuyamba kumizu poti dzanja lake ndi limene makasitomala ankafuna, atsikana awiri nkumatsitsa mpaka kunsonga. Mutu wa maola 6 unkatha maola atatu, komishoni nkugawana. Kasitomala amasangalala poti watuluka msanga.

Nabanda (Biwi): Apo ndiye ndagwirizana nazo. Inenso sindimati aziima tsiku lonse, ndimati asakagone kunyumba. Ndipo luka utakhala mwana wanga, kasitomala umukhazike pa kampando kafupi kapena pa khushoni pansi, iwe pa mpando wotsamira. Mimba ikakula sungamuike pakati pa miyendo ngati kale, imagunda mutu wake, ndiye umukhazike chammbali, uluke mbali imodzi, umutembenuze. Pansi uikepo kakatoni kapena chidebe chovundikira upondetsepo phazi, uzisinthasintha. Ukamaliza mizere ingapo dzuka uyende pang'ono, imwa madzi, ndipo mkodzo osausunga chifukwa choopa kasitomala, adikire.

Chisomo wa mawigi (Chilinde): Ine ndimagwira ndekha ndilibe bwana ndiye za masabata 8 olipidwazo kwa ine ndi nthano kkk, ukapanda kugwira palibe chako. Chimene chinandipulumutsa ndi mawigi. Mutu wa chidole uja umaumangirira pa tebulo, umasoka utakhala miyendo utaiika pa mpando wina, ukatopa umasiya nkukagona palibe amene akukuyang'ana nkhope. Ndinasoka ambiri mimba isanafike polemera, nditachira ndinkangoika pa status anthu nkumatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, mng'ono wanga nkumakapereka. Asisi Nambewe ngati mumatha kusoka wigi kambiranani ndi madamu kuti mu December muzichita zimenezo ndi kukonza ma closure. Koma guluu ndi zonunkha zija mutalikire, relaxer ndi dayi asiyireni anzanu kapena muzivala magolovesi mazenera ali otsegula, ine fungo la acrylic ya zikhadabo linkandizunguza mutu ngakhale ali kuchita ndi wina pakona.

Naphiri (Area 25): Ndi madzi otentha oviikira nsonga za ma braids aja osanyamula inu. Pansi pa saluni pamakhala mesh yodukaduka ndi mafuta, kuterereka sikuchedwa, ndiye muli ndi ketulo m'manja mimba kutsogolo mapazi simukuwaona.

Mayi a Mphatso (Area 23): Koma palibe amene wanena za mayendedwe. Ntchito yeniyeni ya mayi wapakati mu Lilongwe muno ndi minibasi amayi. Sabata ya Khirisimasi ku depoti kumakhala kukankhana, mvula ili mkati, mukaweruka mdima mupeze minibasi zatha ndiye mukwere njinga yamoto m'matope a ku Kawale ndi mimba ya masabata 37? Ine za njingazo ndikukanizani kuyambira pano. Muzinyamuka kuntchito dzuwa likadalipo. Ndipo chikwama chikhale chopakira kale pofika pakati pa December, zitenje zokwanira, beseni, pepala la pulasitiki, tizovala ta mwana, buku la kusikelo lisamachoke m'handibagi ngakhale mukupita kuntchito. Mukachilira kuti?

Nambewe (Kawale): Sikelo ndikuchitira pa Kawale pompa, anati pakakhala chovuta amatumiza ku Bwaila. Amayi anga abwera kuchokera ku Dedza kudzandidikirira koma anati afika Khirisimasi ikadutsa.

Mayi a Mphatso (Area 23): Auzeni afike isanakwane, mbuzi ya Khirisimasi adzadyera konkuno. Ndipo nambala ya wa taxi wodalirika amene amayankha foni usiku mukhale nayo, ndalama yake muiike padera osaisakaniza ndi ya ndiwo.

Anti Nankhoma (Area 18): China chimene ndaiwala, makasitomala amene akusungitsa malowo uwaimbire sabata ino uwauze chilungamo. Amene akufuna mutu wa Khirisimasi abwere pakati pa 10 ndi 20, ma braids amakhala bwinobwino mpaka New Year. A ukwati okha ndiwo ovuta chifukwa tsiku lawo silisuntha, ndiye aliyense wa ukwati wa pambuyo pa 20 usamulonjeze, umupatse mnzako pano kuti achite naye trial. Palibe chonyansa ngati mkwatibwi kuimba foni 5 koloko m'mawa wokonza tsitsi ali ku leba.

Nambewe (Kawale): Ndabweranso amayi. Lero ndinakhala nawo pansi madamu titatseka, ndinayamba ndi pulani ya Anti Nankhoma osati lamulo kkk. Za kugawa mizere ine atsikana nkumatsitsa avomera, kuyambira pa 1 December sindigwiranso mitu yaitali ndekha ndipo ndizichoka 4 koloko. Tsiku lomaliza tagwirizana pa 20, akuti kalata ndilembe asayina. Pa holide ya pachaka anayamba adabwa kaye kuti zimenezo ziliponso ku saluni, koma sanakane. Pamene tasiyana ndi apa, akuti masabata 8 aja andipatsa kasalale kokha, komishoni ayi poti sindikhala ndikuluka, ndipo kasalale kokhako sikafika ngakhale theka la zimene ndimatenga pamwezi.

Nangozo (Area 49): Pa komishonipo musakangane nawo nokha, pitani ku ofesi ya leba ya boma ndi mapepala kapena mauthenga oonetsa mmene amakulipirirani miyezi yapitayi, akakuuzeni mmene malipiro onse amawerengedwera kwa munthu wa komishoni, kufunsa sikusuma. Mupite pano mukadali ndi mphamvu zoyenda.

Chisomo wa mawigi (Chilinde): Ndipo ngati muli mu chipeleganyu pemphani anzanu musinthane kuti yanu idzagwe mu January. Chidole ndili nacho chapadera ndikhoza kukubwerekani ndi sitandi yake, Chilinde ndi Kawale mpafupi.

Nambewe (Kawale): Zikomo asisi ndidzatuma mwana Loweruka. Tsono ndili ndi mkwatibwi wa pa 27 December, tsitsi lake ndi lachilengedwe lalitali safuna relaxer, ukwati uli ku Area 47. Ndani ali ndi mpata tsiku limenelo?

Naphiri (Area 25): Ine pa 27 ndili ndi wina m'mawa, ngati ofesala wake ndi wa masana nditha. Mufunseni nthawi mundiuze ku inbox, trial tichite sabata ya mawa.