Thandizeni abale: GTX 1650 ya mu laputopu ingathe Skyrim ya ma mod?

Abale anga pa gulu pano, odziwa za makompyuta mundithandize nzeru. Chaka chatha ndinagula laputopu yogwirapo kale ntchito, nditasunga ndalama miyezi yambiri. Ili ndi Core i5, RAM ya 8GB, ndipo graphics card yake ndi GTX 1650 ya 4GB. Ndinaigulira sukulu, koma kunena zoona mtima unalinso pa Skyrim. Yoyamba ija ya 2011 ndinkaisewera pa kompyuta ya amalume ndili ku sekondale, ndipo mpaka lero palibe gemu ina imene imandikhazika pansi ngati imeneyi. Pano ndili ndi Special Edition, ya 2016.

Popanda ma mod (zowonjezera zimene osewera amapanga zosinthira gemu) imayenda bwinobwino, 60 fps (zithunzi 60 pa sekondi) pa 1080p. Nditaika SKSE, SkyUI ndi Unofficial Patch panalibenso vuto. Kenako ndinaona zithunzi za anthu ena pa Nexus Mods, webusaiti yokokerako ma mod, mtima unapita. Ndinkadzuka pakati pa usiku kukoka mafayilo ndi bandulo ya usiku: ENB (yokongoletsa kuwala ndi mithunzi), ma texture (zithunzi zokuta zinthu za mu gemu) a 4K a miyala, mitengo ndi nyumba, komanso mod yochulukitsa udzu. Mu Mod Organizer 2, pulogalamu yosanjira ma mod, alipo pafupifupi 140 tsopano.

M'mapanga a mu gemu ngati Bleak Falls Barrow sindidandaula. Koma ndikangotuluka pa geti la mzinda wa Whiterun n'kuyang'ana chigwa chija, imatsika mpaka 25 fps, ndipo ndikatembenuka mofulumira chithunzi chimayamba chaima kaye kenako n'kudumpha. Ku nkhalango ya Falkreath ndi ku Riften ndiye osanena. Dzulo ndili mkati momenyana ndi dragon, gemu inangodzitseka yokha ndisanaseve. Fani imalira mpaka mng'ono wanga amadzuka, ndipo pamwamba pa kiyibodi sipagwirika ndi kutentha. Magetsi akathima n'kutsala pa batire, ndimangoitseka.

Kodi khadi imeneyi yafika pomwe imathera? Pali munthu akufuna kuti tisinthane ndi laputopu ya RTX 3050, ine ndiwonjezere ndalama pamwamba. Ndilole? Ndalamazo si zapafupi kwa ine.

Khajiit265:
Achimwene, musathamangire kusinthana. Vuto lanu lalikulu ndi VRAM, RAM yakeyake ya khadiyo, 4GB ija. Texture imodzi ya 4K imadya malo kanayi kuposa ya 2K. M'phanga zinthu zooneka n'zochepa ndiye zimakwanamo, koma panja miyala, mitengo, udzu ndi mapiri zimafuna kulowa zonse nthawi imodzi. Khadi ikadzaza imayamba kubwereka RAM wamba, yomwe imachedwa kufikirika, n'chifukwa chake chithunzi chimaima mukatembenuka. Ikani MSI Afterburner, pulogalamu yoonetsa mmene khadi ikugwirira ntchito, muone nokha manambala muli pa geti lomwelo.

Za RTX 3050, funsani kaye kukula kwake. Zambiri za m'malaputopu ndi za 4GB zomwezo, za 6GB zinabwera pambuyo. Ili ndi mphamvu kuposa yanuyo, inde, koma mukathira ndalama n'kukapezanso VRAM yomweyo mudzadandaula. Ngati mudzagule ina mtsogolo, yang'anani RTX 3060 ya 6GB kapena RTX 4060 ya 8GB, ndipo muzifunsa ma watt. RTX 4060 ya mu laputopu imapezeka kuyambira 35W mpaka 115W, dzina limodzi koma liwiro losiyana kutali.

Wokonza_malaputopu:
Ine ndimatsegula malaputopu tsiku lililonse, ndiye ndilankhulapo za kutenthako. Yogula kwa munthu ngati imeneyo nthawi zambiri ndimaipeza fumbi litamatirira potulukira mpweya ngati kabulangete, thermal paste (phala lothandiza kuchotsa kutentha pa chip) itauma gwa. Ikatentha kwambiri imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse. Kaitsukitseni, akaike paste yatsopano, ndipo musamaseweretse pa bedi. Ikani pa tebulo, kumbuyo mutsamiritse pa kanthu kuti mpweya uzidutsa pansi, makamaka nyengo yotentha ino. Za pa batire musadabwe nazo, khadi simalandira mphamvu zonse popanda chaja.

Mlongo_wa_ku_Joni:
Mchimwene wanga, nanenso ndinakhala ndi khadi yomweyo zaka ziwiri ndipo ndinamaliza nayo gemu yonse. Chotsani ENB poyamba, imalemera kwambiri pa khadi yaing'ono. Ngati kuwala kokongola kuja mukukufunabe, yesani Community Shaders koma musayatse zonse. Ma texture a malo akhale 2K, tinthu ting'onoting'ono ngati mbale ndi mabuku 1K ikukwana. Pa sikirini ya mainchesi 15 simuona kusiyana. Mu BethINI, pulogalamu yosinthira ma setting a gemu, tsitsani mithunzi, ndipo nambala ya iMinGrassSize mukaikweza udzu umachepa. Ikaninso SSE Engine Fixes ndi SSE Display Tweaks, ndipo ma plugin (mafayilo a ma mod) muwasanje ndi pulogalamu ya LOOT.

Chenjezo limodzi: ma texture ndi ENB mutha kuchotsa nthawi ina iliyonse, koma mod yokhala ndi ma script musaichotse pakati pa save yomwe mukusewera. Ine ndinataya save ya miyezi ingapo chifukwa cha zimenezo ndipo zinandiwawa kwambiri.

Wofunsa:
Zikomo nonse, mwandigwira mkono. Ndaika Afterburner monga munanenera akulu. Pa geti la Whiterun VRAM imafika 3.9GB, kutentha kwa khadi 87°C. Usiku wathawu ndachotsa ENB, ndabwezera ma texture a 2K ndipo ndachepetsa udzu. Pamalo omwewo pano ikuyenda pakati pa 45 ndi 50, kuimaima kuja kwatha. Ndinaima pamenepo kanthawi kungoyang'ana dzuwa likulowa kuseri kwa mapiri, osakhulupirira kuti ndi laputopu yomweyi. Uja wa 3050 ndamufunsa, ndi ya 4GB, ndiye ndamuuza kuti ayi.

Loweruka ndipita nayo kokatsukitsa. Achimwene okonza malaputopu, funso lina kwa inu: Task Manager ikuonetsa kuti mwa malo awiri a RAM, amodzi okha ndiwo ali ndi kanthu. Ku Riften ikutsikabe mpaka 35. Ndikawonjezera ina ya 8GB kuti zikhale ziwiri, zithandiza kumeneko, kapena ndichotse kaye mod ya mitengo ndione?