Kasitomala akufuna kumapita ndi chinchilla kuntchito pa Tube: timulangize bwanji?

NaBanda, namwino wa ziweto, Croydon:
Anzanga a ntchito ya ziweto kuno ku UK, ndithandizeni nzeru. Pakiliniki pathu tikuthandiza chinchilla (kanyama koweta ka ubweya wambiri, ka m'gulu la makoswe) wamkazi wa magalamu 520 amene adokotala amupala mano akumbuyo dzulo. Sakudya bwino, ndiye azidyetsedwa ndi sirinji kwa masiku angapo. Mwiniwake amachoka panyumba 7:30 m'mawa n'kubwerako 6 koloko madzulo, ndipo akuti azipita naye kuofesi kuti azimudyetsa masana. Amakwera sitima mpaka siteshoni ya Victoria ku London, kenako Victoria line, imodzi mwa njanji za Tube (sitima za pansi pa nthaka). Uno ndi mwezi wa July. Malamulo amalola? Nanga ngakhale atalola, ife tivomereze?

aPhiri, sitolo ya ziweto, Leeds:
Achemwali, malamulo saletsa. Pa sitima za National Rail munthu amanyamula tinyama tiwiri kwaulere, bola kanyama komwe si galu kakhale m'kabokosi kotsekeka bwino kosapitirira masentimita 85 x 60 x 60, ndipo kasaikidwe pampando. TfL, bungwe loyendetsa zamtengatenga ku London, nayo imalola pa Tube ndi m'mabasi, ngakhale ogwira ntchito akhoza kukana. Makochi a National Express ndiwo salola, kupatula agalu othandiza anthu olumala. Komabe lamulo loteteza ziweto la Animal Welfare Act 2006 limapatsa mwini chiweto udindo wochisunga pamalo oyenera mtundu wake ndi kuchiteteza ku ululu ndi matenda. Pamenepo ndi pamene pali mlandu.

NaNkhoma, namwino wa ziweto, Birmingham:
Mukaneni, achemwali, ndipo mumuuze chifukwa chake bwinobwino. Kanyamaka kwawo ndi kumapiri ozizira ndi ouma a Andes ku Chile. Pakabowo kamodzi ka khungu pamamera timaubweya toposa 50, satuluka thukuta, ndipo kutentha kwa m'thupi amakutaya makamaka kudzera m'makutu. Amakhala bwino pa madigiri 10 mpaka 18. Kukapitirira 25 ngozi yayamba, chinyezi chikachuluka imabwera msanga. Victoria line ndi yakuya, sitima zake zilibe makina oziziritsa mpweya, ndipo nthawi yotentha kumafika madigiri 30. M'kabokosi kamene kali pansi, pakati pa miyendo ya anthu othithikana 8 koloko m'mawa, mpweya suyenda n'komwe. Sitima ikaima mumphanga palibe kothawira. Kafani ka m'manja sikathandiza, chifukwa mphepo imaziziritsa khungu lonyowa ndi thukuta, lomwe iye alibe.

Akatenthedwa makutu amafiira mitsempha n'kumaonekera, amapuma mwawefuwefu, amachucha dovu, kenako amagona chammbali. Onani msampha wake: wodwala mano amakhala akuchucha dovu kale, ndiye mwiniwake adzati ndi manowo mpaka nthawi itatha.

aMbewe, wosamalira tinyama tating'ono, Manchester:
Ndikugwirizana ndi mayi Nkhoma, koma ngakhale ikanakhala January ndikanakanabe. Chinchilla amagona masana, amadzuka madzulo ndi usiku. Kumunyamula m'mawa ndi madzulo, n'kumuika muofesi yowala ya matelefoni, n'kumulanda tulo pamene akuchira. Pa Tube pali zigawo zina zimene phokoso limadutsa ma decibel (muyezo wa phokoso) 100, ndipo makutu ake ndi akuthwa. Akachita mantha amasiya kudya, akasiya kudya matumbo amaima, mpweya n'kudzaza m'mimba. Ndiye kuti ulendo wofuna kuteteza matumbo ndi womwewo uwaimitse. Akagwidwa mwadzidzidzi amathothola ubweya, pamatsala dazi lotenga miyezi kuti limere. Funsaninso ngati ali ndi mnzake m'khola: akamabwerako ndi fungo lachilendo tsiku ndi tsiku, ndewu imayamba.

aPhiri:
Zonsezo n'zoona, koma funso la mwiniwake silinayankhidwe. Kuchokera 7:30 mpaka 6 koloko ndi maola 10 ndi theka. Kanyama kosadya kangapirire?

NaNkhoma:
A Phiri, zimatengera ngati akudyako yekha. Mwiniwake ayeze zinthu zitatu: udzu wouma umene watsala, ndowe, ndi kulemera kwake m'mawa uliwonse pa sikelo ya kukhitchini yowerenga magalamu. Ayale thaulo loyera pansi pa khola kuti ndowe zizioneka.

Ngati akutolako udzu ndipo ndowe zikutuluka, akhale kunyumba, m'chipinda chozizira kwambiri, makatani otseka. Chakudya cha sirinji cha ziweto zodwala chotchedwa Critical Care amachikonza posakaniza muyezo umodzi wa ufa wake ndi miyezo iwiri ya madzi ofunda. Poyambira pamakhala pafupifupi mamililita 50 pa kilogalamu patsiku, ndiye kwa uyu ndi cha m'ma 26, koma adokotala ndiwo akhazikitse. Agawe kasanu: 5:30 ndi 7:15 m'mawa, 6 koloko, 9 koloko ndi 11:30 usiku. Madzulo ndi nthawi yake yodyera, amalandira bwino. Sirinji ilowe chammbali, pampata wa kuseri kwa mano akutsogolo, theka la mililita nthawi imodzi, ameze kaye. Akhale choimirira ndi miyendo inayi. Akamugoneka chagada chakudya chimalowa m'mapapo.

Ngati sakudya kalikonse payekha, kapena ndowe zachepa n'kukhala ting'onoting'ono touma, maola 10 ndi ochuluka. Ameneyo agonekedwe kukiliniki azidyetsedwa maola anayi alionse, alandirenso madzi ndi mankhwala a ululu. Maola 12 popanda ndowe ndi nkhani yothamangira kwa dokotala usiku womwewo.

NaBanda:
Zikomo akuluakulu. Adokotala avomereza kuti tiyambe ndi kumugoneka masiku awiri. Koma mwiniwake alibe galimoto, ndiye ulendo wobwera naye ndi wodzamutenga ulipobe. Ndimuuze chiyani?

aMbewe:
Ulendo umodzi waufupi ndi wotheka. Ngati angathe, achite hayala taxi yokhala ndi makina oziziritsa. Zikavuta, ayende m'mamawa kusanatenthe ndi anthu asanadzaze, ndipo asankhe sitima zozizira mkati monga London Overground, Elizabeth line, District kapena Circle, osati Victoria, Central kapena Northern.

Kabokosi kakhale kolimba, chitseko cha waya, mabowo a mpweya mbali zonse. Chikwama cha nsalu amachiboola ndi mano. Pansi ayale nsalu ya fleece, aikemo udzu wambiri wochokera m'khola lake lomwe kuti fungo likhale lodziwika, ndi kamwala kosalala ka granite kamene kakhala mufiriji, kotchingidwa kuti kasatsetsereke n'kumupweteka mwendo. Botolo la madzi oundana alikulunge m'thaulo n'kulimangirira kunja, osati mkati, chifukwa limachita mame ndipo amalitafuna. Botolo lomwera achotse: limadontha sitima ikamagwedezeka, ndipo ubweya wake ukanyowa umachedwa kuuma, mafangasi n'kuyamba. Asamupatse nkhaka kapena apulo m'malo mwa madzi, atsegula m'mimba. Afunditse mbali ziwiri zokha ndi kansalu kopepuka, amate kachipangizo kopima kutentha pachitseko, kabokosi akanyamule pamiyendo, ndipo asatsegule mpaka atafika m'chipinda chotseka.

NaNkhoma:
Muwonjezere ichi papepala lomupatsa: kachipangizoko kakafika 25 kapena makutu akafiira, atsike pasiteshoni yotsatira, apite pamthunzi popita mphepo, apukute makutu ndi mapazi ndi kansalu ka madzi ozizira pang'ono, osati oundana, ndipo aimbe foni kukiliniki nthawi yomweyo. Asamuthire madzi m'kamwa akupuma mwawefuwefu.