Soketi ya panja ndi magetsi a m'maluwa ku Area 25

aPhiri, Area 25, Lilongwe:
Akuluakulu nonse a m'gulu lino, landirani moni. Ndili kuno kumudzi pa tchuthi, ndipo ndisanabwerere ku Joni ndikufuna kuika soketi panja pafupi ndi mpanda yolumikizirapo makina otchetchera kapinga, komanso timagetsi ta 12V m'mbali mwa njira yochokera pageti kufika pakhonde. Kuchokera pa DB (bokosi la maswichi logawa magetsi m'nyumba) kukafika kumpanda pali mamita pafupifupi 20. Ndinabwera ndi masoketi a ku South Africa. Inu amene mumagwira ntchito zimenezi kunjako, ndiyambire pati?

aBanda, Johannesburg:
Zikomo achimwene. Masoketi mwabwera nawowo musawaike. Mphamvu ya magetsi ndi yofanana m'mayiko awiriwa, 230V, koma pulagi ya kwathu ili ndi mano atatu aphwanthiphwanthi ndi fyuzi mkati mwake, pamene ya kuno ili ndi mano obulungira, choncho chilichonse chimene mungagule mu Lilongwe chidzafuna adaputa, ndipo panja adaputa ndi imene imalowetsa madzi. Gulani soketi yolembedwa IP66, kutanthauza yosalowa fumbi ndi madzi a mvula, yokhala ndi chivundikiro chimene chimatsekeka ngakhale pulagi ili momwemo, muimangirire pamwamba ndithu pomwe madzi othamanga sangafike, ndipo waya alowere chapansi pa bokosilo osati pamwamba.

Chachikulu kuposa zonsezi ndi earth leakage ya 30mA, imene ena amati RCD. Anthu ambiri amaganiza kuti buleka ya pa DB imateteza munthu, koma iyo imateteza waya kuti asapse, ndipo munthu angathe kugwidwa ndi magetsi mpaka kufa bulekayo osagwa. Earth leakage imayerekeza magetsi otuluka ndi obwerera, ndipo ikaona kuti ena athawira kwina, mwina kudzera m'thupi la munthu woponda kapinga wonyowa, imazimitsa nthawi yomweyo. Kuno sitipereka nyumba kwa mwiniwake popanda chimenechi, koma kwathu nyumba zambiri zakale zilibe, choncho tsegulani chitseko cha DB muone ngati pali swichi yokhala ndi batani lolembedwa T kapena Test.

NaBanda, Cape Town:
Bambo Phiri, ine ndimasamalira minda ya maluwa kuno, ndiye ndilankhula za pansi. Waya woyera wa m'nyumba uja musamukwirire m'dothi, ngakhale wina akuuzeni kuti anachita choncho ndipo zikuyaka. Chinyezi chimamudya pang'onopang'ono, makoswe amamutafuna, ndipo khasu limodzi lokha limamudula. Amene adzalime pamenepo inu muli ku Joni ndi mwana wanu kapena mnyamata waganyu amene sakudziwa kuti pansi pali moto, ndipo zimenezi ndi zimene zimandidetsa nkhawa ine.

Gulani waya wa zitsulo mkati wotchedwa SWA, wa 2.5mm. Kumbani ngalande yakuya masentimita 50 mpaka 60, muyale mchenga pansi, mugoneke wayayo, muthirenso mchenga, ndipo musanamalize kukwirira muyale tepi yochenjeza pakati pa waya ndi pamwamba kuti wokumba ayambe waona tepiyo. Ngalandeyo itsate mpanda kapena njira, isadutse pakati pa mabedi. Musanakwirire jambulani zithunzi ndipo muwatumizire amayi a kunyumba kuti asunge.

aMwale, Leeds:
Ndikugwirizana ndi onse awiri. Za 12V ndi zosaopsa pa moyo wa munthu, koma zili ndi vuto lake, lomwe ndi kuchepa kwa mphamvu m'njira. Tiyerekeze kuti mababu anu onse pamodzi ndi mawati 60. Pa 12V amenewo ndi ma amp 5, ndipo mukawayendetsa mamita 20 pa waya wa 1.5mm, mumataya pafupifupi 2.4V chifukwa magetsi amapita ndi kubwerera, kutanthauza mamita 40. Babu la kumapeto limalandira zosakwana 10V, ndiye limayaka mozilala kapena kuphethira. Pa waya wa 2.5mm mumataya pafupifupi 1.5V. Njira yabwino ndi kugula mababu a LED a mawati 3 kapena 5, kuika thiransifoma (kachipangizo kotsitsa magetsi kuchoka pa 230V kufika pa 12V) pakati pa mzere kuti waya agawike mbali ziwiri zazifupi, ndi kusankha thiransifoma yoposerako katundu wake, mwachitsanzo ya mawati 60 pa mababu okwana mawati 45. Onaninso ngati mababuwo akufuna AC kapena DC kuti agwirizane ndi thiransifomayo.

Polumikiza mawaya musadalire tepi yakuda. Mvula ya ku Lilongwe ikayamba mu November, dothi limakhala lonyowa mpaka March kapena April, tepi imamatuka, kopa amachita dzimbiri lobiriwira, ndipo magetsi amayamba kuzima limodzilimodzi. Gwiritsani ntchito timabokosi tosalowa madzi tolembedwa IP68 tokhala ndi jelo mkati.

Samalaninso ndi mitundu ya mawaya. Kuno ku UK, kuyambira 2006, wamoto ndi wa bulauni ndipo neutral (wobwerera) ndi wa buluu, pamene ku South Africa mawaya a m'khoma ndi ofiira ndi akuda. M'nyumba za kwathu mungapeze mitundu yonse iwiri, ndiye muyese ndi tesita musanakhudze.

aPhiri, Area 25, Lilongwe:
Ndathokoza kwambiri. Ndayang'ana pa DB ndipo batani la Test palibe. Kodi ntchito yonseyi ndingaigwire ndekha, poti masiku anga atsala ochepa?

aBanda, Johannesburg:
Ngalande kumbani nokha, ndipo timagetsi ta 12V lumikizani nokha kuyambira potulukira pa thiransifoma. Koma kutsegula mkati mwa DB, kuika earth leakage ndi kumanga SWA kumapeto kwake, itanani katswiri wokhala ndi chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta kwathu, ndipo mumupemphe akuonetseni chiphasocho. Zitsulo za SWA ziyenera kulumikizidwa ku earth (waya wothawitsira magetsi m'nthaka) kudzera pa gland, kachitsulo komangira wayayo polowera m'bokosi, ndipo apa ndi pamene osaphunzira ntchitoyi amalakwitsa, chifukwa amangodula zitsulozo n'kuzisiya. Ayesenso ndodo ya earth ya nyumba yanu ndi makina, popeza m'chilimwe dothi likauma kwambiri ndodo yaifupi sigwira bwino ntchito. Panja pakhale ndi buleka yakeyake kuti vuto la kumpanda lizitha kupatulidwa osakhudza furiji.

Popeza DB idzakhala yotsegula kale, mufunseni mtengo wa surge protector, kachipangizo koteteza zipangizo ku magetsi obwera mwamphamvu mwadzidzidzi, chifukwa ziphaliwali za m'dzinja komanso kubwera kwa magetsi a ESCOM akakhala kuti anazima ndi zimene zimaotcha mathiransifoma aang'onowa. Musamulipire ndalama zonse asanadine batani la Test inu mukuona, ndipo muwaonetse amayi kuti azilidina pakapita miyezi itatu iliyonse inu mukachoka.

NaBanda, Cape Town:
Ngalandeyo ikadali yotsegula, ikanimonso paipi ya pulasitiki yopanda kanthu yokhala ndi chingwe mkati, kuti tsiku lina mukadzafuna belu kapena kamera pageti musadzakumbenso kapinga. Kumapeto kwake mutseke bwino kuti chiswe chisadzazemo dothi.