Gumbagumba ya abwana yakana kulankhula ndi TV

Neba wa ku Tembisa: Abale thandizeni. Abwana akusamuka ndiye andisiyira hi-fi yakale ija ya masipika awiri akuluakulu, wailesi ikulira bwinobwino koma ndikufuna mpira wa Loweruka uzimvekera mmenemo. Ndagula waya wa mitu yofiira ndi yoyera ndalumikiza kuseli kwa TV koma zii, olo kakuti tswii

Ankolo a ku Bellville: Mphwanga tayang'ana bwino pamabowo wabayapowo, palembedwa IN kapena OUT?

Neba wa ku Tembisa: AV IN ankolo

Ankolo a ku Bellville: Ndiye vuto ndi lomwelo. Amenewo ndi olowetsa mawu mu TV osati otulutsa, ma TV ambiri a flat alibenso mabowo ofiira ndi oyera otulutsa. Iwe tenga mawu kuchokera ku dikoda ngati ili ndi mabowo atatu kuseli, wofiira ndi wa sipika ya kumanja woyera wa kumanzere, wachikasu ndi wa zithunzi usaukhudze poti zithunzi zikudutsa kale pa HDMI. Ku hi-fi ubaye pa AUX

Neba wa ku Tembisa: Zalira!! koma mawu ake akung'ambika ngati chimkuzamawu cha pa msonkhano wa chipani, volume ndangoika pa 2

Mlamu Durban: kkkkk mwabaya pa PHONO inu alamu, ine ndinapangapo zomwezo ndimaganiza kuti sipika yaphulika mpaka ndinaitsegula ndi mpeni. PHONO ndi ya ma record akale aja, mawu ake amabwera ochepa kwambiri ndiye makinawo amawakweza kaye, mukaikapo dikoda imachita kusefukira. Ngati AUX palibe bayani pa CD kapena TAPE IN, ndi chimodzimodzi

Neba wa ku Tembisa: Eee zoona inali PHONO, kuseliko kuli mdima. Pano zili bho koma zikumveka ngati anthu awiri akulankhula motsatizana

Sisi wa ku Randburg: Tsitsani volume ya TV ifike pa 0 achimwene, TV imachedwako pang'ono kutulutsa mawu

Achimwene Leeds: Ndiwonjezereko kwa amene mumaonera YouTube pa TV penipenipo, waya wa dikodawo sukuthandizani poti mawuwo sadutsa ku dikoda. Ngati TV ili ndi kabowo ka mahedifoni gulani waya wa 3.5mm mbali ina mitu iwiri ija, basi. Ngati ilibe fufuzani kabowo kolembedwa optical kamene kamayaka kofiira mkati, pamenepo pamafunika kabokosi kotchedwa DAC kosintha mawuwo kuti adutse pa waya wa mitu yofiira ndi yoyera uja, kamadya moto wa USB pa TV pomwepo. Koma mu settings za mawu pa TV musankhe PCM, mukasiya pa Dolby Digital timabokosi totchipati timangoti shiiii kapena kukhala chete, ine ndinakabweza ku shopu kawiri ndikumakalipa chonsecho wolakwa ndine

Mlamu Durban: Tsiku lodzaitumiza hi-fi imeneyi kumudzi pa transporter mudzaikemo adaputa, moto ndi 230V konsekonse koma pulagi ya kuno ya mano ozungulira siilowa pa soketi ya kwathu

Neba wa ku Tembisa: Kumudzi siipita iyi alamu kkkk. Landlord wagogoda kale kawiri

Sisi wa ku Randburg: Ndiye Loweruka tibwere ndi nyama kapena mugula nokha?