Tithandize Chikondi pa rise ndi raise

Mayi a Chikondi: Mwaswera bwanji nonse? Chikondi wabwera ndi kope lake la Chingerezi lili lofiira ndi inki. Analemba "The boy rose his hand" ndipo aphunzitsi amuthetha. Mayeso ayandikira, ndani angamugwire dzanja?

Amalume: Achemwali, musade nkhawa, koma tisachedwe. Rise ndi pamene chinthu chikukwera chokha, monga dzuwa, utsi kapena madzi mumtsinje. Raise ndi pamene wina akukweza chinthu. Mnyamatayo ndiye anakweza mkono, choncho pamafunika raised.

Azakhali: Chimene chimawasokoneza ana ndi nthawi yakale. Rise amasintha kukhala rose, kenako risen. Raise amangowonjezera d basi. Mwana akaloweza rose amangomuika paliponse.

Tiyamike: Amalume, nanga arise? Ineyo mpaka pano amandizunguza.

Amalume: Amayenda ngati rise: arose, arisen. Koma masiku ano amanena za zinthu zobuka, vuto, funso, mwayi. "A problem arose." Dzuwa ayi.

Azakhali: Musaiwale climb. Ameneyu ali ndi thukuta, munthu akukwera mtengo kapena phiri, manja ndi miyendo zikugwira ntchito. Mwana adziwenso kuti amati climb down potsika. Ascend ndi wa m'mabuku, anachokera ku Chilatini, ndipo mnzake wotsika ndi descend. Pocheza simumumva kawirikawiri, koma pa ndime yowerenga amapezeka.

Mayi a Chikondi: Abale, zachuluka, mwanayu asokonezeka.

Amalume: Zoona. Sabata ino rise ndi raise okha, mpaka alowe m'mutu. Lift wonyamula katundu ndi soar wa chiwombankhanga chouluka m'mwamba adikire.

Azakhali: Ine ndilemba ziganizo 10 zokhala ndi mipata, nditumiza pano mawa m'mawa. Chikondi alembe pamanja, mayi ake ajambule. Asamuuze mayankho chonde, tikufuna tione pomwe akupunthwa.

Tiyamike: Kuchonga ndichonga ine.

Amalume: Ine ndimuimbira Lachiwiri ndi Lachinayi 7 koloko madzulo, azinena ziganizo zake pakamwa. Achemwali, foni idzakhale ndi moto.

Mayi a Chikondi: Zikomo achimwene, mwandipeputsa. Koma Lachinayi amaweruka mochedwa, tingaike 8 koloko?

Amalume: 8 ili bwino. Abwere ndi kope lofiiralo.